Mayi Keziya Thole ndi Chipata cha Padoko

Malemu Mayi Keziya Thole anabadwa pa 14 Meyi 1968 ku Luchenza, m'banja la a Namakhwa. Amene ndikuwerengane ndine mlongo wawo wamkulu, Winston. Ndinkati iwo ndiwo adzawerenge mbiri yanga.

Sukulu analekezera Sitandade 7 chifukwa chosowa fizi. Mu 1989 anakwatiwa ndi a Elson Thole, atelala, n'kudzakhazikika kuno ku Chibavi, kumene analowanso Umanyano, gulu la amayi a mumpingo. Kuyambira 1993 ankapikula usipa padoko la kunyanja n'kumagulitsa mumsika wa Mzuzu. Usipa umenewo ndiwo unaphunzitsa ana onse.

Mu 2023 zinamveka kuti doko lija alipereka kwa kampani, popanda kufunsa ndi munthu mmodzi yemwe. Amayi a geni anasankha malemu kukhala wapampando wa komiti yokana zimenezi. Funso lawo silinali lovuta: walandira doko ndani, nanga zikadzalakwika tidzafunsa yani? Akuluakulu ankangowauza kuti abwere mawa. Kenaka kampani inamanga mpanda n'kuika chipata cha loko, pamalo pamene chikhalire odwala ndi maliro ochokera kuzilumba ankayamba ndiwo kudutsa, galimoto n'kumafika mpaka m'mbali mwa madzi.

Za kudwala ndilibe zambiri zonena, chifukwa malemu sanadwale. Lachiwiri lapitali anadzuka bwinobwino, anasesa pakhomo pano pamene mwakhalapo, n'kukwera minibasi yopita kudoko. Akudikira sitima mkati mwa mpanda, anagwa ndi kuthamanga kwa magazi. Galimoto inalipo, ya a Davie, oyendetsa taxi, itaima kunja kwa chipata. Alonda anati kiyi ali ndi bwana, ndipo bwanayo wapita koyenda. Amayi anzawo anawanyamula m'chitenje kuzungulira mpanda wonse, kudzera m'miyala. Anatisiya asanafike kuchipatala. Mpaka lero mutu wanga ukukana kuvomereza.

Dzulo kunabwera anthu a kampani ndi bokosi lonyezimira, ati chipepeso. Anatipempha kuti m'mbiri muno tingonena kuti mayi adwala nthawi yochepa. Banja linakhala pansi, ndipo a Thole anati akazi awo sangagone m'bokosi la anthu amene anawatsekera njira. Malemu agona m'bokosi la paini limene akhoma a Boniface a ku Chiputula. La kampani lili kuseri kwa nyumba, eni ake adzatenge.

Malemu asiya amuna awo, ana anayi, Bridget, Jasper, Maureen ndi Jimmy, komanso zidzukulu zisanu ndi chimodzi. A Bridget avomera kukhala pampando wa mayi awo mukomiti, ndipo Lachisanu akakhala pachipata pompaja ndi funso lomwe lija.

Tikuthokoza a mpingo, a Umanyano, adzukulu okumba manda ndi a Davie. Inu amayi amene munawanyamula m'chitenje, yewo chomene.

Mzimu wa Mayi Keziya Thole uuse mumtendere.