Pulogalamu ya Maliro Imene Inatsakamira M'kompyuta

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, a kuno ku Pretoria ndi a kumudzi komwe. Ndikufuna ndichitire umboni za printa imene inatsala pang'ono kundivula ulemu.

Ine ndimasamala maluwa ku Waterkloof. Za kompyuta ndinaziphunzira ndekha pa chikompyuta chimene abwana anataya, chija umachita kuchilembera malamulo pa sikirini yakuda. Kuwerenga ndimakonda, kungoti kumvetsa kumandifika mochedwa ngati tekisi ya ku Hammanskraal.

M'bale wathu wa mumpingo atamwalira, amayi anamfedwa anandipempha ndisindikize pulogalamu ya mwambo wa Loweruka, thupi lisananyamuke kupita ku Dedza. Bambo Chimwaza, eni shopu yosindikiza ku Pretoria North, anandiseka pamaso pa komiti yonse ya maliro: "Achimwene, ndi zala zamanyowazi? Tiona."

Lachinayi magetsi anathima printa ili pakati pa ntchito. Atayaka, ndinalemba lp, lamulo losindikizira, ndi dzina la fayilo. Kompyuta inavomera, pepala osatuluka. Ndinabwereza kakhumi, ndinasintha chingwe, ndinazimitsa n'kuyatsanso. Zii. Ndinagwada, ndipo sindinama, pemphero langa silinali lofatsa. Ndinapempha kuti manyazi amene a Chimwaza anandikonzera awagwere iwowo.

Lachisanu masana kunabwera Mayi Chimwaza, akazi awo, kudzasiya chithunzi cha malemu. Ataona nkhope yanga anangoti, "Eish, abambo, tasunthani." Analemba lpstat -p kuti aone mmene printa inalili. Kani kompyuta inali itaimitsa printa pamene magetsi anathima, zonse zimene ndinkatumiza zikungounjikana pamzere. Anazifufuta ndi cancel -a, analemba sudo cupsenable ndi dzina la printa kuti iyambenso, ine n'kutumizanso kamodzi kokha. Pepala linatuluka lofunda.

"Kushopu kuja wokonza zimenezi ndine," anatero. "Amuna angawo ntchito yawo n'kupereka moni kwa makasitomala."

Loweruka pulogalamu yoyamba ndinapereka kwa anamfedwa. Yachiwiri ndinapereka kwa a Chimwaza ndi manja awiri, ndipo pothokoza pamaso pa mpingo ndinatchula momveka bwino amene anakonza printa. Kawiri. Abusa akuti ndilape kukoma kumene ndinamva. Ndikulapa ndithu, koma pang'onopang'ono.

Ndikuthokoza Mulungu kuti sanalole mayi wolira akhumudwe chifukwa cha umbuli wanga. Inu amene mukusekedwa, musaleke kupemphera. Langa thandizo linachokera m'nyumba ya wondinyoza yemweyo. Ameni.