Mthunzi anaupeza atagwa

Moni omvera anzanga. Ndine dalaivala pakampani ina ya katundu ku Dubai Investments Park, ndipo ndikulemba mtima ukundiwawa.

Kuno nyengo yotentha, boma limaletsa kugwiritsa anthu ntchito padzuwa masana. Abwana athu lamuloli amalidziwa bwino, n'chifukwa chake amatituma kukapakira katundu kuseri, komwe oyendera a boma sangatione.

Tsiku lina mnzathu wa ku Zambia, bambo wa ana atatu, anakomoka katoni ili paphewa. Nditati ndiimbire ambulansi, mayi woyang'anira antchito anandigwira mkono.

"Yambani mwamulowetsa mkati," anatero. "Akafunsa, munene kuti wagwera muno."

"Madamu, munthu akufa uyu."

"Yalla, fulumirani, nyamulani."

Anauza anyamata ena, iwo n'kumukoka ngati thumba la simenti mpaka m'chipinda chozizira, kenako mayiwo n'kuimba foni. Mnzathuyo anatsitsimuka, koma impso zake zinawonongeka, ndipo anamubweza kwawo.

Ine ndakawanenera ku ofesi ya boma ya zantchito, kaya abwana andichotsa ntchito. Inunso musamakhale chete. Anthu awa anamumana mthunzi munthu ali chilili, n'kudzamupatsa atagwa kuti abise mlandu wawo.