Amuna Anga Ankayankha Ali M'manda

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ine ndinali munthu wa kachasu. Ambiri a inu munkandiona ndikudzandira mumsewu wa ku Mlangeni dzuwa lili pamutu. Sindinabadwe choncho. Ndinayamba atamwalira amuna anga, bambo a Tadala.

Tinawaika m'manda, koma dzina lawo silinagone. Chaka chilichonse, pogawa feteleza wotsika mtengo, ankaitana mayina pabwalo la sukulu. Akafika pa dzina la malemu, kumbuyo kunkamveka mawu akuti, "Ndilipo!" Oyankhawo anali alamu anga, akulu awo a malemuwo, amenenso anali m'komiti yogawayo. Mudzi wonse unkadziwa, koma aliyense ankangoyang'ana pansi.

Pambuyo pake alamu ankanditumizira kafeteleza ka m'ndowa konditseka pakamwa. Sindinkathira n'komwe m'munda. Ndinkakasinthitsa ndi botolo.

Chaka china ndinapita pabwalopo ndisanamwe, chifukwa ndinali nditangodzuka malungo. Dzina lija litatchulidwa, ndinacheuka ngati ndiwaona amuna anga ataima ndi jekete lawo lija. Ndinaona alamu akuseka ndi anzawo. Pafupi nane, mayi wina wamasiye mnzanga ankapinda thumba lake lopanda kanthu, atauzidwa kuti feteleza watha. Ndinadzida, abale. Amuna anga sanabepo ngakhale nkhuku ali moyo, koma tinkawabetsa ali m'manda.

Ndinabwera m'tchalitchi muno pakati pa sabata, mulibe munthu. Mawu opempherera ndinalibe. Ndinangogwada n'kulira. Potuluka, mantha ndinali nawobe, koma ndinadziwa kopita.

Ndinakwera minibasi kukanena ku ofesi ya boma yofufuza za katangale. Bambo amene ndinawapeza anandimvetsera mwaulemu, nati, "Tamva, mayi. Tibwera."

Anabweradi, kamodzi. Galimoto yawo inaima pachitsime, akufunsa nyumba yanga. Kodi pamenepo panatsalanso chinsinsi?

Alamu anafika fumbi la galimoto lisanathe, n'kuyamba kundikalipira. "Alamu, mwatigulitsa? Kuno munabwera ndi chitenje chokha. Mundawo ndi wa kwathu."

Ine ndili pachitengwa, ndiye ndikanatsutsa chiyani? Munda umene tinkalima mbatata ya kachewere ndi amuna anga unapita. Lero ndimadyera ganyu m'minda ya anthu. Ndikafika pachitsime, nkhani zimatha. Mlandu uja uli zii, ndipo alamu akadali m'komiti. Sindikunamizani kuti zinthu zinayenda. Munda uja sindikuyembekezanso kuuona, ndipo masiku ena mwana wanga Tadala amagona ndi njala chifukwa cha pakamwa panga. Zimandiwawa kwambiri.

Koma chaka chino ndinapitanso pabwalo paja, ndikudziwa kuti sindilandira kanthu. Ndinaima kumbuyo kutchera khutu. Anaitana mayina onse mpaka kumapeto. Dzina la amuna anga silinatchulidwe.

Ndinabwerera kunyumba chimanjamanja, ndipo ndinadutsa pogulitsa kachasu paja osakhota. Mpaka lero sindinakhote. Si mphamvu zanga, ndi za Yesu. Atamandike.

Ngati alipo muno amene anamutseka pakamwa ndi ka m'ndowa, bwerani kutsogolo tigwade limodzi. Sindikulonjezani munda. Ine chimene Ambuye anandipatsa n'chakuti ndimagona tulo, ndipo bambo a Tadala nawonso tsopano agona. Amen.