Mboni Zodzaza Holo

Asiya Yahaya, mphunzitsi wa pa sekondale, anali atamasulira m'Chichewa sewero lakale loseketsa la ku Mangalande ndipo anali atagawa mbali zonse kupatula ya mnyamata wokwatira. Wosunga holo ya pa boma anali atamuuza kuti gulu likapanda kukwanira tsiku lomwelo, holoyo aipereka kwa achipani, amene chaka chimenecho anali ochuluka kuposa maholo. Choncho Asiya anakaima pakhonde la sitolo pamene Fakiri, telala wosakwatira amene ankaloweza chilichonse akangochimva kawiri, ankasoka malaya a zipani zitatu ndi ulusi umodzi.

"Mbali yanu ndi ya bwana wachinyamata," anatero Asiya. "Mawu ndi ambiri, koma mutu wa ku madarasa muli nawo."

"Amagwira ntchito yanji bwanayo?" anafunsa Fakiri, phazi lili pa makina.

"Sagwira ntchito."

"Akudwala?"

"Ndi wolemera. Amangoyenda m'munda wa maluwa n'kumaganiza za mtsikana."

"Nanga chinangwa amalima poti?"

"Ku Mangalande kulibe chinangwa, a Fakiri."

"Ooh. Ali pa mavuto."

"Pomaliza amakwatira mtsikanayo, anthu n'kuwomba m'manja. Basi."

"Mtsikanayo mwapatsa ndani?"

"Kulusumu."

Makina anaima.

"Kulusumu wake uti?"

"Mkazi wa a Zaidi."

"A Zaidi a ku butchala? Aja amadula fupa la ng'ombe osabwereza?"

"Omwewo. Avomera kale. Akuti adzakhala pa mzere woyamba."

"Adzabwera molunjika kuchokera kuntchito, kapena adzayamba adzera kunyumba kukasiya zida?"

Asiya anakoka mpando wa makasitomala, nachotsapo zidutswa za nsalu, n'kukhala.

"Palibe adzakukhudzeni. Ndi sewero."

"Pa ukwatipo ine ndidzanena chiyani?"

"Akadzakufunsani mudzati, 'Ndamulandira kukhala mkazi wanga.'"

"Chamumtima?"

"Mokweza. A kumbuyo amve."

"A kumbuyo adzakhala ambiri?"

"Ndikufuna holo idzadze mpaka m'mawindo."

Fakiri anachotsa mapini awiri amene anali pakamwa pake, nawabaya pa kolala.

"Aphunzitsi, ukwati umafuna mboni ziwiri zokha. Inu mwandipezera holo yonse."

"Aliyense adzadziwa kuti n'zoseka."

"Shehe anatiphunzitsa kuti pa ukwati palibe nthabwala. Ukanena mawuwo ukuseka, wakwatira ukuseka."

"Wokwatira si inu. Ndi bwana wa ku Mangalande."

"Mawuwo adzatuluka pakamwa pa ndani?"

"Panu."

"Ndiye bwanayo abwere ndi pakamwa pake."

"Sangabwere. Munthuyo kulibe. Sanabadwe n'komwe."

"Mwaona. A Zaidi akadzafuna womufunsa, adzapeza ine."

Mumsewu munadutsa galimoto ya chipani, chimkuzamawu chili padenga, ikulowera cha ku holo. Asiya anaitsatira ndi maso mpaka inakhota.

"Tamverani. Ngakhale womangitsa ukwatiyo ndi wabodza. Ndi a Dyton okonza njinga, atadzikulunga nsalu yoyera ya pabedi."

"Kwathu womangitsa sindiye amapanga ukwati. Chachikulu ndi bambo a mkazi kuvomera. Mu sewerolo mtsikanayo bambo ali nawo?"

"Ali nawo. Amamugwira dzanja n'kumupereka kwa inu."

"Mbali imeneyo mwapatsa ndani?"

Asiya anayamba kusanja mapepala ake amene anali osanjika kale.

"A Kalilu."

"A Kalilu ndi bambo ake a Kulusumu omubereka."

"N'chifukwa chake ndinawasankha. Mphuno zimafanana. Anthu adzakhulupirira."

"Ine ndakhulupirira kale. Nanga pali chimene ndimamupatsa?"

"Kamphete."

"Mahari amenewo, mphatso yomangira ukwati."

"Si mahari. Ndi ka sipoko ya njinga, a Dyton akapinda."

"Ngakhale ya chitsulo imaloledwa, bola mkazi alandire. Amalandira?"

"Amalandira akulira ndi chimwemwe."

Fakiri anawerenga ndi zala. "Mboni, bambo, mahari, mkazi wavomera. Aphunzitsi, maukwati ambiri pa Nkhotakota pano sanakonzedwe bwino chonchi."

"Chabwino. Chinsalu chikangotsekedwa, mudzamusudzule kuseri. Nkhani yatha."

"Tidzasewera malo angati?"

"Pa boma pano, ku Chia, ndi ku Dwambazi."

"Mkazi akasudzulidwa amadikira miyezi itatu asanakwatiwenso. Ndiye ku Chia tikafika mpunga utacha. Ku Dwambazi mwina chaka chamawa."

"Tidzasewera Loweruka lililonse motsatana."

"Ndiye ku Chia ndikakwatira munthu amene akudikirabe. Anthu a ku Chia ndimawasokera zovala za Idi, andiona bwanji?"

Asiya anatseka maso kanthawi. Atawatsegula anali ndi nkhope ya munthu amene wapeza yankho pa mayeso.

"Imani kaye. Kulusumu ndi mkazi wamwini. Mkazi wamwini sakwatiwa kawiri. Ndiye ngakhale mutanena mawuwo kakhumi, ukwati wanu sugwira. Mwa malamulo anu omwewo."

Fakiri anaganiza, akugwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Zoona. Sugwira."

"Mwaona."

"Ndiye ndidzakhala munthu amene anayesa kukwatira mkazi wa a Zaidi pamaso pawo, n'kulephera. Inu mukuti zimenezo n'zabwinoko?"

"A Fakiri."

"Ndipatseni mbali ina. Mulibe munthu wosoka mmenemo?"

"Mulibe. Muli wantchito, koma ndapatsa a Raston."

"Tisinthane. Iwo akwatire."

"A Raston ali ndi mawu anayi okha, ndipo dzulo anaiwala atatu. Inu nokha ndi amene mungasenze mbali imeneyi. Mukakana, Loweruka mu holo muja mukhala anthu ovina nyimbo za chipani."

"Ndiye dulani ukwatiwo. Bwanayo ndi mtsikanayo angolonjerana mwaulemu, aliyense azipita kwawo."

Apa Asiya anaimirira. Sanakweze mawu, koma anagwira mapepala aja pachifuwa ngati wina akufuna kumulanda.

"Ku koleji ku Zomba sewero lathu lililonse linkayamba lapita kwa akuluakulu. Linkabwerako litadulidwa mutu ndi miyendo, ife n'kumasewera mimba yokha. Ndinaima pamzere padzuwa tsiku lovota kuti zimenezo zithe. Sindidula liwu ngakhale limodzi."

"Ndamva. Ndiye sinthani mkazi."

"Ndiike ndani? Zulfa?"

"Tinayamwa bere limodzi. Ndi mlongo wanga ameneyo."

"Mariam."

"Amufunsira kale. Msilikali."

"Ali ku Lilongwe msilikaliyo."

"Amabwera pa holide. Bola a Zaidi, iwo amafunika ayandikire kaye."

"Mayi Mwajuma a ku chipatala."

"Anandinyamula ndili wakhanda. Ndikawayang'ana m'maso n'kuwauza kuti ndi duwa la mtima wanga, mayi anga adzatuluka mu holo."

Galimoto ija inabwereranso, nthawi ino ili ndi mabenchi kumbuyo. Asiya anaponya mapepala pa tebulo la makina.

"Basi. Ndisewera ndekha. Mawu ndinawalemba ndine, ndikuwadziwa onse. Mwamuna ndilibe, msilikali ndilibe, sitinayamwe limodzi, ndipo sindinakunyamulenipo. Kulusumu akhala azakhali. Muli ndi china?"

Fakiri anadula ulusi, napinda malaya achikasu amene ankasoka, nawaika pamwamba pa obiriwira. Kenaka anavula tepi imene inali m'khosi mwake, naikulunga bwinobwino pa zala ziwiri.

"Ndilibe. Kauzeni a ku holo kuti gulu lakwanira."

"Mwavomera?"

"Ndavomera."

"Mosavuta chonchi?"

"Mawuwo mundiwerengere kawiri madzulo ano. Diresi ya mtsikanayo ndisoka ndine. Yoyera, eti? Pali nsalu ina ndinaisunga, sindinaionetse munthu."

"Yoyera, inde. Koma isakhale yodula."

"Musadandaule. Mphete a Dyton asavutike kupinda sipoko, ndipeza ine. Tsono za bambo a mtsikana. A Kalilu sangakhalenso, mphuno sizifanana ndi yanu."

"A Kalilu akhala momwemo."

"Anthu sadzakhulupirira. A Yahaya bambo anu ali ndi ndevu zabwino, ndiponso mawu awo amamveka mpaka kumbuyo kwa mzikiti. Ndikalankhula nawo Lachisanu tikatuluka ku swala. Kapena mwaulemu wake nditume amalume."

"Amalume anu alowa bwanji mu sewero?"

"Adzangokhala pa mzere woyamba. Malo a a Zaidi aja."

Asiya anayang'ana tepi ija pa zala za Fakiri, nayang'ana mapepala ake. Anawatenga, natsegula tsamba lomaliza, n'kuwerenga chamumtima kuyambira pamene a Dyton amalowa atavala nsalu ya pabedi.

"Ndi sewero chabe, a Fakiri."

"Eya. Mwakhala mukunena."

"Aliyense adzadziwa kuti n'zoseka."

"Inenso ndidzaseka."

Asiya anakhosomola.

"Ndikaona bwino, pa ukwati apa n'potalika. Anthu a ku Dwambazi amachokera kutali, adzatopa. Tikhoza kudulapo pang'ono. Angolonjerana mwaulemu."

Fakiri anaika malaya ena pansi pa singano, naponda makina.

"Aphunzitsi, pamzere uja inenso ndinaimapo. Sitidula liwu ngakhale limodzi."