Timanja ta mu Foni

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, ndikupatsani moni m'dzina la Yesu. Ndikufuna kuchitira umboni, koma mundikhululukire, wanga lero ndi wowawa.

Mukudziwa nonse kuti bambo a kunyumba, aja ankayendetsa thiraki kudutsa pa boda, anadwala sitiroko. Mbali yonse ya kumanja inafa. Adokotala anati tiziwatembenuza pafupipafupi kuti asachite zilonda. Munthu wamkulu thupi ngati uja, ine ndekha, ndi msana wangawu? Ndinkakoka, ndinkakankha, osatheka. Zilonda zinayamba.

Ndiye m'mawa uliwonse foni inkalira. Gulu lathu la amayi la pa foni lija, ndi mawu a tsiku. "Lero ukhale manja a Yesu kwa mnzako." Mawa lake: "Ima kaye, upume, uone amene akuvutika pafupi nawe." Mawu okoma abale, sindikunama. Pansi pake timanja topemphera, ameni, ameni, ameni. Musawerame amayi anzanga, ndinu nomwe. Timanja ta mu foni sitinyamula munthu! Tonsefe timakhala pa Kamwendo pompa, koma palibe anaponda pakhomo panga.

Tsiku lina ndikumva, "Odi!" Kutuluka, ndi mkazi uja wa ku Chipata, amene bambowa anamukwatira mobisa. Uja ndinkalira chifukwa cha iye pamaso panu, inu n'kumandithandiza kumunena. Mutu unandiwira. Iye anangoika chikwama pansi n'kunena kuti, "Amayi, muzanitukwana pambuyo. Manje gwirani kumiyendo, ine nigwire kumapewa."

Ndinagwira. Nanga ndikanatani? Tinkawatembenuza awiriwiri, osalankhulana, osayang'anana, mpaka zilonda zinapola. Sindikunena kuti ndimamukonda, ayi. Zimandiwawabe, ndipo ndalira mokwanira. Koma Mulungu atafuna manja, anakawapeza kutsidya kwa boda, poti a kuno anali otanganidwa ndi foni.

Lero bambowo ali apo, pa benchi yakumbuyo. Abwera ndi ndodo, koma abwera ndi mapazi awo. Amene wakhala pambali pawoyo ndi yemweyo. Musamuyang'ane choncho.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandisiye, amene anandithandiza kudzera mwa munthu woti ine sindikanamusankha. Kondwerani nane abale, lululutani, ombani m'manja, si manja muli nawo? Koma mawa m'mawa musanditumizire mawu. Madzi osambitsa wodwala timatunga kutali, ndipo njira ya kwathu mukuidziwa. Ameni.