Mpikisano wa pa Batire la Minibasi

Chaka chimene wailesi ya kanema inayamba kuoneka ku Mitundu, Efulemu anagwetsera minibasi yake m'ngalande nathyoka mkono, ndipo poona kuti galimoto yangokhala pabwalo, anazula batire lake kuti azionerera kanema. Lamulungu lina masana kunatulukira mlamu wake Jacinta, mayi wa ana atatu amene ankayendetsa thirakita pa esiteti ya fodya ku Nathenje isanatsekedwe, kudzapempha kuti aziyendetsa minibasiyo.

"Ayi, alamu," Efulemu anatero, maso ali pa kanema. "Chiwongolero si mthiko. Mkazi sangathe."

"Chiphaso ndili nacho. Nanga ana anga adya chiyani?"

"Khalani pansi muone amuna akuyendetsa."

Pa kanemapo panali mpikisano wa timagalimoto tafupitafupi. Timagalimototo tisananyamuke, anaonetsa woyendetsa nambala naini akulowetsa tsitsi lalitali m'chipewa chake.

"Uyotu ndi mkazi," Jacinta anatero.

"Ndiye muone mmene athere."

Magalimoto analiyatsa liwiro. Jacinta anayang'anitsitsa, kenako anapukusa mutu.

"Mwanena zoona, alamu. Sadziwa. Wanyamuka wopanda pasinjala ndi mmodzi yemwe."

Apa m'pamene zinavuta. Efulemu chibadwire sanagwirizanepo ndi munthu, ndipo wina akamuvomereza, thupi lonse linkamuyabwa ngati wagona pa chitedze.

"Si minibasi imeneyo! Ndi mpikisano!"

"Nanga akupita kuti?"

"Sakupita kulikonse."

"Ndiye wasochera. Taonani, chikwangwani chija wachidutsanso."

"Ndi mmene amachitira! Amazungulira!"

"Mafuta ake a ndani?"

"Aaa, alamu! Taonani, taonani! Wamudutsa nambala folo! Pakona penipeni!"

"Osaliza ndi hutala yomwe. Kupanda mwambo."

Efulemu anasendera kutsogolo kwa mpando.

"Ameneyu akudziwa. Mwaona mmene wapindira?"

"Ine ndaona anthu adzaza m'mbali mwa msewu, onse akukweza manja, iye osaima. Kondakitala wake ali kuti?"

"Akumuchemerera! Sakufuna kukwera!"

"Munthu angaime padzuwa ponseponse paja asakufuna kukwera? Eee, waima tsopano! Matayala aphulika onse anayi. Mkazi wowononga uyu."

"Sanaphulike! Amasintha dala!"

"Dala? Matayala abwinobwino? Ndipo anyamata amuthandiza, iye wangochoka. Osatsika kukawathokoza, osawasiyira ndi ya tiyi yomwe."

Koma Efulemu sankamvanso. Anali ataimirira, mkono wa pulasitala uli m'mwamba, ululu atauiwala.

"Ponda, mayi! Ponda! Watsala mmodzi yekha! Mudutse ameneyo, mudutse!"

Nambala naini inafika pambali pa galimoto yotsogola, mphuno ndi mphuno. Pomwepo chithunzi chinafota, n'kusanduka kadontho koyera, n'kuzima.

"Mayo ine! Batire!" Efulemu anamenya kanemayo khofi, anagwedeza mawaya, koma kunali zii.

"Basi, wagwera m'ngalande," Jacinta anatero mwachisoni. "Si mlandu. Ngalande zimagwetsa ndi amuna omwe."

"Sanagwe! Wapambana!"

"Sitinaone."

"Kuona n'kofunika chiyani? Ine chiwongolero ndimachidziwa! Amuna onse aja ndi ana kwa mayi ameneuja!"

"Mkazi sangathe. Mwanena nokha."

"Ndinanena liti? Mkazi amatha!"

"Kaya a kunja."

"A kunja ali ndi manja angati? Ngakhale inuyo mumatha!"

"Ine? Ayi, alamu."

"Mukukana chiyani? Thirakita simunkaiyendetsa m'matope a dzinja, ngolo itadzaza fodya?"

"Thirakita ndi thirakita."

"Munagwerapo nayo m'ngalande?"

"Ayi."

"Nanga? Makani basi! Akazi a kwanu makani!" Efulemu anapisa m'thumba ndi dzanja labwino lija, n'kuponya makiyi pachitenje cha mlamu wake. "Mawa m'mawa mukadzaze anthu pa siteji, mukawatule mu Lilongwe, mubwerere. Tione ngati simutha!"

Anakhala pansi akupuma mwawefuwefu, ali wokondwa kwabasi, poti mkanganowo anali atapambana. Chimwemwecho chinayamba kuchepa ataona kuti Jacinta wamanga makiyi pansonga ya chitenje, mfundo ziwiri zolimba. Anafuna kubweza mawu, koma kubweza mawu kukanatanthauza kuti analakwa, ndipo chimenecho Efulemu sankachidziwa.

Jacinta anaimirira, n'kugogoda batire lija ndi chala.

"Zikomo, alamu. Koma batire mwalimaliza ndi mayi wanu uja, galimoto siilira yokha. Ndiye mawa mulawire. Ine pa chiwongolero, inu kumbuyo. Kukankha mwamuna amatha, ngakhale ndi mkono umodzi."