Mawu Atandithawa ku Karama

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye, makamaka inu amene muli kunja kuno ngati ine. Ndine Tiyamike, kwathu ndi ku Ndirande. Ndikuuzeni za nthawi imene mawu anandithawa ndikukonzekera mayeso olowera sukulu ya zisudzo zoyimba ndi kuvina.

Ndimaperekera zakudya mu lesitilanti ina ku Mirdif, dera lina la mzinda uno. Poti ndinakulira mu kwaya, kasitomala akamakondwerera tsiku lobadwa ndine ndinkayambitsa nyimbo. Kasitomala wina ndiye anandiuza za sukuluyi, kuti amaphunzitsa kuyimba, kuvina ndi kuchita sewero pamodzi. Ndinapemphera, ndinalembetsa, mtima uli m'malo.

Vuto linali poyeserera. Ku Karama, kumene ndimakhala, timagona azimayi ambiri m'chipinda chimodzi, ndipo ena amapuma masana. Ndiye ndinkayimbira pa masitepe potentha ngati mu uvuni, kenako n'kukalowa mozizira mwa AC. Ndinkakakamiza mawu kukwera pamene sanafikepo. M'mawa wina pofuna kupereka moni, kunangotuluka mpweya. Dokotala anati pakhosi patupa. "Khalas, basi, osayimba, osalankhula, ngakhale kunong'ona."

Apa ndi pomwe mutu unaima. Mayi anga anatumiza uthenga: "Mwana wanga, Mulungu wakutseka pakamwa kuti usakavine pamaso pa anthu. Mvera." Ba Esnart, mayi wa ku Chipata amene amagona bedi la pansi panga, atamva anati, "Awe, ni Satana uyo! Manje uzasiya chabe?" Onse ndi anthu opemphera, nanga ndimvere uti? Ndikagwada sindinkadziwa ngati ndipemphe machiritso kapena chikhululukiro. Ndinkaopanso ntchito, chifukwa woperekera zakudya wosalankhula ndi wa chiyani? Ntchito ikatha kuno, visa yathanso.

Bwana sanandichotse. Anandikankhira kukhitchini kukatsuka mbale ndi Bimala, mayi wa ku Nepal amene samva chibadwire. Ine ndinaona ngati chilango. Ndikayang'ana kumbali, Bimala ankandigwira chibwano kuti ndione nkhope yake. Ndi manja okhaokha anandifotokozera za mwana wake amene anamusiya akukwawa, ndi za mbuzi imene inadya maluwa pa ukwati wake. Ine ndikafotokoza zosamveka, ankapukusa mutu mpaka ndibwereze. Tinkaseka, nthawi zina tinkalira, koma mumtima ndinkangofunsa kuti, "Ambuye, ndikuchita chiyani muno?"

Tsiku la mayeso linafika mawu atabwerera theka. Povina, anzanga onse anatembenukira kumanja, ine kumanzere, mpaka ndinagundana ndi mtsikana wina. Poyimba, mawu anasweka pamalo okwera pomwe ndinkaopa. Pomaliza anandipatsa mnzanga wamwamuna kuti tichite kasewero ka mlongo wotsanzika mchimwene wake. Mawu amene ndinaloweza anauluka m'mutu. Ndinangomuyang'ana akulankhula, ndinamukonzera kolala, misozi n'kutsika yokha. Mu sitima ya metro pobwerera ndinauza Mulungu kuti ndamva, mayi ankanena zoona.

Kenaka foni inalira. Anali mphunzitsi wamkulu wa sukulu ija, akuti anditenga. Ndinafunsa ngati sanasokoneze mayina. Anaseka. "Mawu tikonza, miyendo tikonza, inshallah. Koma ambiri aja ankangodikira nthawi yawo yolankhula. Iwe unkamvetsera mnzako."

Abale, kunena zoona, mpaka lero sindimvetsa zonse. Sindidziwa ngati amene ananditseka pakamwa anali Mulungu, Satana, kapena kusasamala kwanga. Mayi sanavomerebe kwenikweni; amangofunsa ngati zovala zovinirazo zimafika m'mawondo. M'kalasi yovina ndine wotsalira, ndipo masiku ena ndimafunsabe ngati ndili pamalo oyenera.

Nditamuuza Bimala kuti anditenga, anapukuta manja, n'kuika chikhatho chake pakhosi panga kuti ndiyimbe. Ndinayimba pang'onopang'ono, iye atatsinzina. Nditamaliza anagwedeza mutu, n'kundilozera mulu wa mbale.

Ndikuthokoza Ambuye amene anandithandiza kudzera mwa munthu amene sadzamva nyimbo yanga ngakhale imodzi. Inu amene mwasokonezeka, amene simukudziwa n'komwe chopempha, musaleke kugwada. Ine ndinkagwada wopanda mawu, ndipo anandimva. Amen.